Nsinjiro zopanda masamba: masapulimenti sangachiritse okha msilikali wovutika maganizo

Sabata yatha mnzanga wina wa ku Area 23 adanditumizira chithunzi pa WhatsApp. Pachithunzipo panali mabotolo atatu: lina la mafuta a nsomba, lina la mavitamini osakaniza, lachitatu lolonjeza tulo tabwino ndi mtendere wa mumtima. Amafunsa kuti agule liti, poti ndalama yomwe ali nayo ingokwana limodzi.

Sikuti amafuna kumwa iyeyo ayi. Amagulira bambo ake, omwe adapuma usilikali zaka zingapo zapitazo atapitako kukasungitsa mtendere ku DRC. Chibwerere kumeneko, mdalayo sagona. Tayala likaphulika mumsewu amadzidzimuka, ana akamaphulitsa makombola pa Khirisimasi amakadzitsekera kuchipinda. Bawo adasiya, kutchalitchi adasiya, masiku ena sadzuka n'komwe. Kuchipatala adapitako, mapilisi adalandira, koma apabanja akuti palibe chasintha. Ndiye mayi wina wogulitsa masapulimenti wawauza kuti mankhwala a kuchipatala akanika basi, ayese zachilengedwe.

Banja ili si lokhalo. Aliyense wokhala ku Kawale, ku Biwi kapena ku Area 23 amadziwa kuti Kamuzu Barracks si patali, ndipo asilikali ambiri akapuma amamanga kapena kuchita lendi m'makomboni momwemu. Enafe ndi ana awo, adzukulu awo, anansi awo. Ndife amene timagwira foni, ndiye ndife amene timatumidwa kuti tafufuza pa intaneti ngati mankhwala awa alidi othandiza.

Yankho lachidule ndi ili: masapulimenti ena ali ndi kaumboni kakuti amathandizira, koma ngati chowonjezera pa chithandizo chomwe chilipo kale. Ali ngati nsinjiro. Zimakometsa ndiwo, koma ngati mumphika mulibe masamba, palibe chomwe waphika. Vuto lathu kuno ndi lakuti masambawo ndi omwe akusowa.

Zomwe asilikali athu adaona

Asilikali a Malawi Defence Force akhala akupita kunja kwa nthawi yaitali. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 adakalondera njanji ya ku Nacala nkhondo ya pachiweniweni ili mkati ku Mozambique. Adapitanso ku Ivory Coast. Mu 2013 adalowa m'gulu la United Nations lomwe lidapatsidwa mphamvu zothira nkhondo zigawenga kum'mawa kwa DRC, limodzi ndi anzawo a ku Tanzania ndi South Africa.

Mu November 2018 asilikali athu asanu ndi mmodzi adaphedwa kufupi ndi mzinda wa Beni polimbana ndi zigawenga za ADF. Mmodzi mwa iwo, Private Chancy Chitete, adawomberedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania yemwe adavulala, ndipo mu 2019 United Nations idamulemekeza ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne. Mu January 2025 enanso atatu adafa pomwe zigawenga za M23 zimayandikira mzinda wa Goma, ndipo mwezi wotsatira Lazarus Chakwera, yemwe anali mtsogoleri wa dziko lino, adalamula kuti ayambe kukonzekera zobwerako.

Omwe adafa timawakumbukira November aliyense pachipilala cha ku Area 18, nkhata za maluwa n'kuikidwa, malipenga n'kulira. Nanga omwe adanyamula mitembo ya anzawo n'kubwera amoyo? Iwowa amatsika ndege ali ndi manja ndi miyendo yonse, ife n'kumati abwera bwino. Zomwe zili m'mutu mwawo amazidziwa ndi akazi awo ndi ana awo, usiku.

Kusamva mankhwala ndiye kuti chiyani?

Matenda omwe achipatala amati depression si kukhumudwa kwa tsiku limodzi chifukwa timu yaluza. Munthu amakhala sabata ziwiri kapena kuposerapo ali wosweka mtima, zomwe ankazikonda sizimusangalatsanso, tulo ndi chilakolako cha chakudya zimasokonekera, amadziona wachabechabe, ena amafika poganiza zodzipha. Pachichewa timangoti akuganiza kwambiri, kapena ali ndi nkhawa.

Madokotala amati matendawa sakumva mankhwala pokhapokha wodwala atamwa mitundu iwiri yosiyana ya mankhwala, uliwonse pamlingo wokwanira, tsiku ndi tsiku, kwa sabata zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi zitatu, koma osachira. Mawu onsewa ndi ofunika: mitundu iwiri, mlingo wokwanira, osadumphitsa, nthawi yokwanira.

Vutoli ndi lenileni ngakhale kumaiko olemera. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa STAR*D, yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2006, adapeza kuti pa odwala atatu alionse, mmodzi yekha ndi amene amachira ndi mankhwala oyamba. Mu 2017 kudatulukanso zotsatira za kafukufuku wa VAST-D, yemwe adachitika m'zipatala 35 za asilikali opuma a dzikolo pa odwala 1,522 omwe mankhwala oyamba sadawathandize. Ena adawasinthira mankhwala, ena adawaonjezera achiwiri. Patatha sabata 12, omwe adachiriratu anali pakati pa 22 ndi 29 pa 100 alionse. Pafupifupi theka la odwalawo analinso ndi PTSD, matenda obwera munthu akaona zoopsa, omwe amamulotetsa zomwe adaonazo ndi kumudzidzimutsa pena paliponse.

Ndiye musadabwe kuti ofufuza adayamba kuyang'ana kwina, kuphatikizapo ku michere ya m'zakudya. Mu 2011, mwachitsanzo, adayeza magazi a asilikali 800 a ku America omwe adadzipha n'kuwafananiza ndi a anzawo 800. Adapeza kuti omwe anali ndi mafuta ochepa a omega-3 m'magazi ndi omwe anali pachiopsezo chachikulu. Koma kupezeka pamodzi kwa zinthu ziwiri sikutanthauza kuti china chidayambitsa chinzake. Munthu wovutika maganizo amadyanso mosalongosoka, ndiye sizidziwika kuti chidayamba n'chiti.

Zomwe ofufuza adapeza

Apa tiyende pang'onopang'ono, chifukwa ogulitsa amakonda kutchula mbali imodzi yokha.

Poyesa mankhwala, odwala amawagawa pawiri. Ena amalandira chinthu chenichenicho, ena mapilisi ofanana nacho koma opanda kanthu mkati, ndipo palibe amadziwa zomwe walandira. Chinthucho chimayenera kuposa mapilisi opanda kanthuwo.

Mu 2010 ofufuza a ku Boston adayesa SAMe pa odwala 73 omwe mankhwala awo samawathandiza mokwanira. Omwe adapezako bwino anali 36 pa 100 alionse, pomwe kwa omwe adalandira mapilisi opanda kanthu anali 18. Zikumveka bwino, eti? Koma ku Australia atayesanso pa anthu ochulukirapo, kusiyana sikudaoneke.

Mu 2012 adayesa L-methylfolate, mtundu wina wa vitamini wa folate. Pamlingo wa mamiligalamu 15 patsiku adathandiza 32 pa 100 alionse, poyerekeza ndi 15 a gulu linalo. Pamlingo wocheperapo sadathandize. Ku Britain atayesa folic acid wamba, yemweyu amalandira amayi oyembekezera kusikelo, pa odwala 475, sadapeze phindu lililonse.

Chaka chomwecho cha 2012 ku South Korea adayesa creatine, yemwe anyamata a ku jimu amamudziwa bwino, ndipo adaoneka kuti akufulumizitsa kuchira. Koma odwalawo anali 52 okha, onse amayi.

Mafuta a nsomba, makamaka okhala ndi EPA wambiri, ndi omwe ali ndi umboni wochulukirapo, ndipo akatswiri ena amavomereza kuti dokotala atha kuwaonjezera pa mankhwala. Komabe malangizo omwe maunduna oona za asilikali opuma ndi za chitetezo ku America adatulutsa mu 2016 adati omega-3 ndi vitamini D asagwiritsidwe ntchito ngati mankhwala a depression. Mu 2020 kafukufuku wa anthu 18,353 azaka 50 kupita m'tsogolo adaonetsa kuti kumwa vitamini D tsiku lililonse kwa zaka pafupifupi zisanu sikudateteze anthu ku matendawa.

Ndipo kwa omwe amaganiza kuti botolo lokhala ndi zinthu zambirimbiri ndiye lamphamvu, imvani izi. Mu 2019 ku Australia adasakaniza SAMe, folate, omega-3, zinc ndi zina n'kupatsa odwala 158. Kusakanizako sikudapose mapilisi opanda kanthu.

Chomwe tikuphunzirapo n'chakuti phindu lilipo pena, koma ndi lochepa, ndipo silibwera nthawi zonse. Limadalira mtundu weniweni ndi mlingo weniweni, osati botolo lililonse lolembedwa kuti vitamini. Kafukufuku wambiri adachitika pa anthu wamba a kumaiko ena, osati pa msilikali wa ku Chinsapo. Chachikulu koposa: pomwe phindu lidaoneka, odwalawo amamwabe mankhwala awo a kuchipatala, dokotala akuwaona pafupipafupi.

Kwathu kuno masamba ndiwo akusowa

Tsopano tibwerere ku Area 23. Nditamufunsa mnzanga uja kuti bambo adamwa mankhwala anji komanso kwa nthawi yaitali bwanji, nkhani idasintha. Adamwa mwezi umodzi. Atapita kukatenga ena adauzidwa kuti atha, akagule. Kunyumba kunalibe ndalama, ndiye padadutsa sabata zingapo. Atayambiranso adadandaula kuti akuwauma kukamwa ndi kuwagonetsa masana, n'kuyamba kumwa theka. Madzulo amakamwako pang'ono kuti tulo tibwere. Za maloto oipa aja sadauzepo dokotala aliyense, ati mwamuna, msilikalinso, sangakambe zimenezo pamaso pa kamtsikana kovala yunifolomu yoyera.

Amenewa si matenda osamva mankhwala. Ndi matenda omwe sadalandirebe chithandizo chokwanira.

M'zipatala za boma mankhwala a depression omwe amapezeka kawirikawiri ndi awiri, amitriptyline ndi fluoxetine, ndipo nkhani ya kutha kwa mankhwala tonse timaidziwa. Madokotala akuluakulu a matenda a maganizo m'dziko muno ndi owerengeka, ntchito yambiri amagwira ndi anamwino ndi ma clinical officer omwe amakhala ndi mzere wautali panja. Chipatala chachikulu cha boma cha matendawa chili ku Zomba. Kuno ku Lilongwe kuli St John of God ku Area 43, komanso munthu atha kuyambira kuchipatala chaching'ono cha Kawale, cha Area 25, ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central. Koma kuchokera ku Mgona kapena ku Chinsapo, ulendo uliwonse ndi ndalama ya minibasi kapena kabaza.

Pali zinthu zingapo zomwe zimachititsa kuti mankhwala aoneke ngati akanika. Mowa ndi chamba zimalimbana ndi chithandizo. PTSD ikapanda kudziwika, mapilisi okha sakwanira, chifukwa chithandizo chake choyamba ndi uphungu wapadera wothandiza munthu kukumana ndi zomwe adaona. Ena amakhala ndi matenda a bipolar, omwe amafuna mankhwala ena. Ena vuto ndi chithokomiro, kuchepa kwa magazi, shuga kapena ululu wosatha wa mabala akale. Ndipo palinso ngongole, penshoni yosakwana, ndi kusungulumwa kwa munthu yemwe zaka makumi awiri amadzuka ndi lipenga pakati pa anzake, lero akungokhala pakhonde. Palibe botolo lomwe lingayeze zonsezi.

Zachilengedwe nazo zimapweteka

Mawu akuti zachilengedwe amatigonetsa tulo, ngati kuti chilichonse chochokera ku mtengo n'chosaopsa. Fodya nayenso ndi wachilengedwe.

Chitsanzo chachikulu ndi St John's wort, chitsamba chomwe chimapezeka m'mabotolo ambiri olonjeza kuchotsa nkhawa. Chikaphatikizana ndi fluoxetine chitha kuyambitsa vuto loopsa: kunjenjemera, thukuta, kutentha thupi, kusokonezeka mutu, mpaka kugonekedwa. SAMe ndi 5-HTP nazo zitha kuchita zomwezo, ndipo SAMe atha kumuyambitsa munthu wa bipolar kusakhazikika koopsa.

Kwa ife Amalawi pali china chofunika kwambiri. Kuyambira 2019 anthu ambiri omwe ali pa ma ARV amamwa mankhwala okhala ndi dolutegravir. St John's wort amachepetsa mphamvu ya mankhwalawa m'magazi, monganso amachitira ndi mapilisi olera. Mavitamini osakaniza okhala ndi calcium, iron, magnesium kapena zinc nawo amagwira dolutegravir m'mimba kuti asalowe bwino m'thupi ngati munthu wamwera pamodzi mosatsata malangizo. Ndiye mutha kugulira bambo botolo loti liwachotse nkhawa, n'kupezeka kuti mwadzutsa kachilombo komwe kadagona zaka khumi. Omwe amamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi nawonso afunse kaye asanayambe mafuta a nsomba ochuluka.

Wogulitsa pa status ya WhatsApp sakufunsani zonsezi. Mwinanso iyeyo sazidziwa. Wauzidwa kuti akagulitsa mabotolo angapo akwera udindo, basi.

Ndalama ndi malamulo

Pafupifupi masapulimenti onsewa amachokera kunja. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 pa 100 mu November 2023, chilichonse chobwera ndi dola chidakwera mosaneneka. Banja lodalira penshoni likagula botolo mwezi uno, china chake chagona: mwina ndiwo, mwina ndalama yokwerera kupita kukaonana ndi dokotala, mwina yogulira fluoxetine yemweyo kufamase chipatala chikakhala chilibe.

Kunena zoona, kuperewera kwa michere m'thupi ndi vuto lenileni kuno. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti Amalawi pafupifupi 6 pa 10 alionse ali ndi zinc wochepa m'thupi. Choncho si zamisala kuganiza kuti kadyedwe kamakhudza maganizo. Koma njira yotsika mtengo ili pamsika wa Kawale ndi wa Nsungwi: usipa, matemba, mazira, nyemba, soya, mtedza, bonongwe, chisoso, nkhwani. Zakudya izi sizichiritsa depression pazokha, koma zimadyetsa banja lonse, ndipo sizilimbana ndi ma ARV.

Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, ndi lomwe limayang'anira mankhwala m'dziko muno. Munthu akamalengeza pa Facebook kapena pa TikTok kuti botolo lake limachiritsa nkhawa, shuga, BP ndi kusabereka nthawi imodzi, ameneyo akugulitsa lonjezo la mankhwala, ndipo afunsidwe umboni ngati wina aliyense wogulitsa mankhwala. Malonda ambiri asamukira pafoni, ndiye oyang'anira nawonso asamukire komweko.

Udindo uli kwa yani?

Sindikuimba mlandu mabanja. Munthu ukamaona bambo ako akuzimiririka uli pompo, umagwira chilichonse. Botolo lili ndi ubwino umodzi womwe chipatala chilibe: silichititsa manyazi. Kugula mavitamini palibe angakuseke, koma kukaima pamzere wa odwala maganizo anthu amayamba kunong'onezana kuti wapenga. Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amaonetsa kuti ambiri mwa omwe amadzipha m'dziko muno ndi amuna. Tidawaphunzitsa tokha kuti mwamuna salira, ndipo msilikali tidamuphunzitsa kawiri.

Dziko lomwe lidawatuma ndi lomwe liyenera kuwatsatira. Msilikali aliyense wobwera ku DRC aziunikidwa maganizo, osati sabata yofikira yokha, komanso pakatha miyezi isanu ndi umodzi ndi pakatha chaka, chifukwa PTSD nthawi zina imachedwa kuonekera. Kuunikako kusathere tsiku lomwe wabweza yunifolomu. Bungwe la asilikali opuma la VELOM, lomwe timalimva kwambiri nthawi yogulitsa maluwa ofiira mu November, lili ndi mwayi womwe dokotala alibe: msilikali amamasuka kwa msilikali mnzake. Ku Zimbabwe, Dr Dixon Chibanda adaphunzitsa agogo aakazi kupereka uphungu pabenchi ya panja pa chipatala, njira yotchedwa Friendship Bench, ndipo kafukufuku wa 2016 adaonetsa kuti imathandiza. Njirayi idayesedwapo kale m'zipatala zina za mu Lilongwe. Chingaletse n'chiyani kuphunzitsa asilikali opuma kuti azikhala pabenchi yotere ku Kawale kapena ku Area 25, kudikira anzawo?

Unduna wa Zaumoyo nawo uonetsetse kuti mankhwala awiri aja sakutha. Kukamba za chowonjezera pomwe choyambirira chikusowa kuli ngati kukangana za mtundu wa penti nyumba ilibe denga.

Zomwe ndidamuuza mnzanga

Ndidamuuza kuti asagule kaye botolo lililonse. Ndalamayo akwerere minibasi ndi bambo, abwerere kuchipatala atanyamula buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala onse omwe akumwa, a BP, ma ARV ngati alipo, ngakhale a zitsamba. Akanene zonse mosabisa: masiku omwe adadumphitsa, theka lija, mowa wa madzulo, maloto aja. Akapemphe kuonana ndi wa matenda a maganizo, ndipo akafunse za uphungu. Ngati bambo sangamasuke pamaso pa mwana wawo, apite ndi mnzawo yemwe adali naye ku usilikali.

Mankhwala asasiye okha mwadzidzidzi, ngakhale akuoneka ngati sakugwira. Ngati pambuyo pa zonsezi dokotala ataona kuti mafuta a nsomba kapena folate angathandizire, anene yekha mtundu wake ndi mlingo wake, alembe m'buku, ndipo pakatha miyezi iwiri aunike ngati pali kusintha. Ngati palibe, asiye, ndalama ipite ku ndiwo.

Ndipo ndidamuuza chinthu chimodzi chomwe sichidikira mawa. Bambo akayamba kukamba zoti atopa ndi moyo, kugawa katundu wawo, kapena kutsanzika mosadziwika bwino, asawasiye okha. Achotse zingwe, mankhwala a mbewu ndi a makoswe, ndi chida chilichonse m'nyumba, apite nawo kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Kuwafunsa mwachindunji ngati akuganiza zodzipha sikuwapatsa maganizowo. Nthawi zambiri kumawapatsa mpata wolankhula.

Lachiwiri lapitali adapita. Dokotala wawasinthira mankhwala n'kuwapatsa tsiku lobwereranso pakatha sabata zinayi. Mnzanga akuti pobwerera adatsikira pamsika n'kugula usipa wa ndalama yotsalayo.